Haddu Awonjezera Mafuta mu Nyale

Mutu Wachisanu

1. Ogona masana

Chaka chimenecho madzi anachepa m'mudzi wa Tasalt. Ngalande ya pansi pa nthaka, imene makolo anakumba kuchokera m'tsinde mwa phiri kukafika ku minda ya kanjedza, inagumukira m'kati. Madzi otuluka pakamwa pake anangotsala kamzere koti mwana n'kudumpha osanyowa.

Minda ya anthu olemera inali pafupi ndi pakamwa pa ngalandeyo, choncho inkalawako. Munda wa mayi Tuda, amene amuna awo anamwalira zaka zapitazo, unali kumapeto kwenikweni, kumene mchenga wa m'chipululu umayambira. Kumeneko madzi anasiyiratu kufika. Zipatso za kanjedza, zotchedwa tende, zinayamba kuyoyoka zikadali zobiriwira.

Mayi Tuda anali ndi ana awiri, Haddu ndi mlongo wake wamng'ono Itto. Haddu anali mnyamata woti ndevu zangoyamba kumera. Ankaphunzira ntchito kwa amalume ake a Lahsen, amene mudzi wonse unkawadalira pa zokumba ndi kukonza ngalande.

Ntchito yawo inkayamba m'bandakucha. Muazini wa kumzikiti akaitanira anthu ku swala yoyamba, ankapemphera, kudya mkate wa balere ndi chambiko, n'kutuluka pachipata cha mudzi nthanda ikadali kumwamba. Ankatsata mzere wa zitsime zotsikira mu ngalande mpaka kukafika pafupi ndi pamene panagumukapo. Koma dzuwa likangofika paliwombo, ntchito inkathera pomwepo. Ankabwerera kumudzi, kudya, n'kugona pamthunzi wa linga. Madzulo ankangopota zingwe ndi kusoka madengu uku akucheza.

Lachisanu piki inkagona pakhoma. Tsiku la msika inkagonanso. Kukagwa maliro kapena ukwati, chimodzimodzi.

Umu ndi momwe aliyense ankagwirira ntchito ku Tasalt, kaya wosula zitsulo, kaya woumba mbiya, ndipo m'zaka zabwino panalibe woona cholakwika. Koma ludzu limanola lilime.

Tsiku lina masana, Haddu atagona pamthunzi pambali pa amalume ake, kunadutsa Bassu ndi anzake. Bassu anali mwana wa Sidi Mulud, mwini minda yambiri, ndipo chibadwire anali asanagwirepo chingwe cha chitsime.

"Taonani eni madzi athu," anatero Bassu akuloza ndi mlomo. "Mitengo ikufa, iwo akuweta ntchentche pamimba. Iwe Haddu, pansi paja mumakakumba kapena mumakaphunzira mkonono? Bulu wa atate anga amakuposani, amasenza mpaka dzuwa kulowa."

"Bwera naye bulu wakoyo atsikeko," anayankha Haddu osadzuka. "Iwe uzimugwirira chingwe, poti mumamvana chilankhulo."

Anzake a Bassu anafa nacho chiseko. Bassu yekha sanaseke. Anasendera pafupi n'kunena motsitsa mawu kuti m'mawa umenewo waona mayi Tuda atabereka mtsuko wa madzi kumsana, akukathirira mtengo umene malemu amuna awo anadzala, ngati kuti mtsuko umodzi ungapulumutse kanjedza. Anati mwana wawo wamwamuna akakhuta tulo apite akawalandire.

Haddu anafuna kumulumphira, koma dzanja la amalume ake linamugwira pamwendo. A Lahsen sanatsegule n'komwe maso.

2. Malire a ntchito

Madzulo ake, akupota chingwe pabwalo, Haddu analephera kuugwira mtima. Anakumbutsa amalume ake kuti tsiku logwira ntchito latsala mawa lokha. Mkuja kuyamba chikondwerero cha pachaka cha kumanda a shehe wakale wa mudziwo, ndipo mpaka alendo onse atabalalika palibe amene adzakhudze piki. Anati iye wamva ndi makutu ake madzi akung'ung'udza kuseri kwa dothi logumukalo. Kodi pangavute chiyani mawa lokha atagwira mpaka madzulo, n'kuboolako?

A Lahsen anamaliza kaye mfundo imene ankamanga. Kenako anamuuza kuti asendere pafupi.

"Mwana wa mlongo wanga, ukuganiza kuti amene anaika malire a ntchito imeneyi anali alesi? Anali anthu amene anasambitsa mitembo ya abale awo. Tamvera. M'mawa kunja kumazizira, ndipo mpweya umayenda m'zitsime muja, kulowa uku, kutulukira uko. Dzuwa likakwera, mpweya wa pansi umagona. Ukagona choncho suoneka ndi maso, sununkha. Munthu umangoyamba kuyasamula, mutu kulemera, kenako umalakalaka kukhala pansi pang'ono chabe. Amene wakhala pansi sadzukanso.

"Pansi paja kulibe dzuwa, kulibe muazini. N'chifukwa chake mu nyale timathiramo nyanga imodzi ya mafuta, osati ziwiri. Mafutawo akatha, tsiku latha, ngakhale madzi atamakuitana ndi dzina lako kuseri kwa khoma. Ine si amene ndinayesa nyanga imeneyo. Ndinaipeza, ndipo amene anandipatsa nawonso anaipeza.

"China ndi ichi. Khoma lomaliza, limene madzi atsamira, saliboola ndi manja otopa. Limenelo ndi la munthu amene akadali ndi mphamvu zake zonse, maso akuona bwino, miyendo ikutha kuthawa. Bassu alankhule mmene angafunire, mutu wake sunalowepo m'dzenje. Kanjedza akafa timadzala wina. Nanga iwe ukatsalira pansi, mlongo wanga adzadzala chiyani?"

"Koma amalume, ndi tsiku limodzi lokha," anatero Haddu.

"Onse amene anatsalira pansi, anatsalira tsiku limodzi lokha."

Mayi Tuda anali atatulukira ndi mbale ya chakudya ndipo anamva mawu omalizawo. Anaika mbaleyo pamphasa n'kuuza mwana wawo kuti amvere amalume ake, kuthamanga si kufika, ndipo mitengoyo mwini wake ndi Mulungu. Powerama, nsalu yawo inatsetsereka pang'ono paphewa. Haddu anaona mkwingwirima wakuda umene chingwe cha mtsuko chinasiya.

Anadya pang'ono, n'kukagona.

3. Kansupa

M'bandakucha mphero ya mayi Tuda inali ikulira kale kuseri kwa nyumba. Haddu analowa monyang'ama m'kachipinda kosungira zakudya, anavundukula mtsuko wa mafuta a azitona, n'kudzaza kansupa. Potembenuka anapeza Itto ali pakhomo ndi lichero m'manja.

Itto anafunsa za mafutawo. Haddu anati ndi odzola m'manja, chingwe chamusupula.

"Manja akowo ndi mapazi a ngamila, oti amalize kansupa konse?" anafunsa Itto.

Haddu anamuuza kuti akangotsegula pakamwa, kuchikondwerero apita yekha, sadzamuperekeza kukaona ovina. Anabisa kansupako mu lamba wake, n'kutuluka.

Kunja kunacha moipa tsiku limenelo. Mphepo yotentha ya kum'mawa inali itanyamula fumbi usiku wonse, ndipo thambo linali psuu. Dzuwa litatuluka silinaoneke pamene lili. Nkhunda sizinachoke padenga la mzikiti. Bulu wonyamula zingwe ankaima kawirikawiri n'kutembenukira kumudzi.

Pachitsime chotsikira anapeza a Mbarek atafika kale ndi mwana wawo wamkulu. A Mbarek anali nkhalamba ya diso limodzi, ndipo ntchito yawo inali kupukusa gudumu la chingwe, kutsitsa anthu ndi kukweza madengu a dothi. Anayang'ana kumwamba, n'kulavula mchenga.

"Lero dzuwa silitiuza kanthu, a Lahsen," anatero. "Mthunzi kulibe, ndipo ndi mphepo iyi adhana ya masana, kuitana kwa muazini kuja, sitiimva kuno. Tonse tidalira nyale yanu."

A Lahsen anati nyale yawo sinawanamizepo. Anapatsa Haddu nyanga ya mbuzi yoyesera, monga mwa masiku onse, ndipo Haddu anathira nyanga imodzi yokha, aliyense akuona.

Pomumanga chingwe m'chiuno, a Mbarek anamuyang'ana ndi diso lawo limodzi lija kwa nthawi yaitali.

"Mwanawe, maso akowo afiira ngati sunagone. Ndikuuze kanthu. Ine ndagwira gudumu ili amalume akowa asanamere ndevu. Moyo wa wapansi uli m'manja mwa wapamwamba, koma wapamwamba saona kanthu, maso ake ndi pakamwa pa wapansi. Iwe ndiwe umafika pachitsime ndi madengu, ndiwe ndimalankhula nawe. Ndikakufunsa kanthu, uzindiyankha zimene zilipo, osati zimene mtima wako ukufuna. Bodza la pamsika limathera m'kutukwanizana. Bodza la pachitsime limathera m'nsalu yoyera."

"Ndamva, agogo," anatero Haddu.

Kansupa kanali kakumukanda pamimba.

4. Pansi

Amalume ndiwo anatsika koyamba, Haddu pambuyo. Pakamwa pa chitsime panachepa pang'onopang'ono mpaka panangotsala ngati kambale kofiira kumwamba. Pansi panali pozizira, ndipo matope ankafika m'akakolo.

Ngalandeyo ndi yopapatiza, munthu amayenda atawerama, mapewa akukhudza uku ndi uku. Anayenda choncho kulowera kuphiri mpaka anafika pa dothi logumuka lija. A Lahsen anaika nyale pakashelefu kosema m'khoma kumbuyo kwawo, anatchula dzina la Mulungu, n'kuyamba kugwetsa dothi. Haddu ankaliwolera mu dengu, kulikoka mu mdima mpaka pachitsime, kulimanga kuchingwe, n'kubwerera ndi dengu lina.

Ntchito inayenda bwino m'mawa umenewo. Dothi linali lofewa, ndipo amalume ankang'ung'udza kanyimbo kawo ka okumba. Nthawi ndi nthawi ankaika khutu pakhoma n'kugwedeza mutu mokhutira.

Kenako mafuta anayamba kutsika mu nyale. A Lahsen anacheuka, anasuzumiramo, n'kunena kuti madengu angapo chabe, azikwera. Zotsalazo aziona chikondwerero chikatha.

Atangotembenukira kukhoma, Haddu anasolola kansupa. Mafuta ena anatayikira pachala. Anathira theka mu nyale, n'kubisanso. Piki ya amalume sinaleke kulira.

Anakoka dengu lina, ndi linanso. A Lahsen atacheukanso anakwinya nkhope. Anati maso awo ayamba kuwanyenga, mafuta akadalimo ambiri. Anaseka pang'ono, n'kulavulira m'manja.

Haddu atafika pachitsime ulendo wotsatira, mawu a a Mbarek anatsika ngati akuchokera m'mbiya.

"Iwe wapansi, m'mimba mwanga mukuti ndi masana. Nanga nyale ikuti chiyani?"

Haddu anayang'ana kambale kofiira kaja kumwamba.

"Mafuta akadalimo, agogo."

"Ndiye kuti mimba yangayi yayamba kuba," anatero a Mbarek. Haddu anamva mwana wawo akuseka, ndipo dengu linakwera.

Pobwerera anathira theka lotsala lija.

5. Khoma lituluka thukuta

Kanyimbo ka amalume kanaleka. Piki inayamba kulira motalikirana. Haddu yemwe anayamba kuyasamula, ndipo dengu limene m'mawa ankalikoka ndi dzanja limodzi tsopano linkafuna manja awiri. M'mutu mwake munkagunda ngati mtondo.

A Lahsen anatsamira khoma n'kupukuta nkhope ndi nsonga ya nduwira yawo. Anayang'ana mu nyale, anayang'ana manja awo.

"Ndakalamba, mwana wa mlongo wanga," anatero motsitsa. "Nyanga imodzi ikundigonjetsa. Usakauze amayi ako."

Haddu anatsegula pakamwa kuti aulule za mafuta aja. Koma nthawi yomweyo amalume anamuitana kuti abweretse nyale pafupi. Dothi la kutsogolo kwawo linali litada, ndipo timadontho tinkatuluka paliponse ngati thukuta pamphumi. Kung'ung'udza kwa madzi kunkamveka popanda kuika khutu. Anali atafika pa khoma lomaliza.

A Lahsen anayezanso mafuta ndi maso. Anati ngati nyale ikunena zoona, m'mawa ukadalipo wokwanira. Aboola kabowo kakang'ono m'munsi, madzi azituluka okha pang'onopang'ono, ndipo mitengo ya mlongo wawo imwa chikondwerero chisanayambe. Anamwetulira pomuuza zimenezi.

Haddu anatseka pakamwa pake.

Piki inamenya m'munsi mwa khoma, inamenyanso. Ulendo wina dzanja lotopa linaphonya, ndipo chitsulo chinalowa pamwamba kwambiri kuposa pamene chinkafunika. Kamadzi kowonda ngati chala kanatumphuka n'kuwamenya pachifuwa. Kuchokera pabowopo, mng'alu unayamba kukwera.

A Lahsen anavula nduwira n'kuitsindira pabowopo. Atatembenuka kufuna nyale, anaima chilili. Lawi linali litafupika, lofiira, logwada pansi ngati likufuna kubisala, pamene mafuta anali akadali ambiri.

Anaviika chala mu nyalemo, n'kulawa. Mafuta a nyale amakhala a nsenga, owawa. Awa anali okoma.

"Awa ndi mafuta odyera," anatero. "A mumtsuko wa mlongo wanga."

Haddu anagwira lamba wake. Anayamba kufotokoza za mitengo, za Bassu, za mkwingwirima wa paphewa pa amayi ake, koma amalume anakweza dzanja.

"Sunga mpweya. Kukalipa tikakalipirana kumwamba. Tsogola, uziyenda, usathamange, ndipo chilichonse chichitike usakhale pansi."

Njira imene Haddu anaiyenda tsiku lonse inatalika ngati yopita kumsika wa kutali. Madzi anali atafika kale m'mawondo. Kumbuyo kwake amalume ankapuma ngati mvukuto wong'ambika. Anagwa chogwada, Haddu anawadzutsa. Anagwanso, anawadzutsanso. Kumene anachokera kunkamveka timiyala tikugwera m'madzi.

Pachitsime chingwe chinali chimodzi, ndipo gudumu silikweza anthu awiri. Haddu anachigwira n'kuyamba kuwamanga amalume ake m'chiuno. Iwo anachilanda.

"Kwerani inuyo, amalume. Ndachita ndine."

"Kuyambira dzulo wandimvera kangati? Ndimvere kamodzi kokha."

Zala zawo zinali zolemera, koma mfundo anaimanga yolimba monga mwa nthawi zonse. Anagwedeza chingwe, ndipo mapazi a Haddu anachoka m'madzi.

Ali pakati pa chitsime anayang'ana pansi. Amalume anali atakweza nyale pamwamba pa mutu, nkhope yawo ikuyang'ana kumene anachokera. Kenako kunamveka kugunda kwakukulu kochokera m'mimba mwa nthaka. Mphepo yozizira inakwera m'chitsimemo n'kumuzunguza pachingwe. Kuwala kwa pansi kuja kunazima.

6. Chingwe chonyowa

A Mbarek ndi mwana wawo anamukokera kunja ngati thumba. Fumbi linali litayamba kuchepa, ndipo dzuwa linaoneka tsopano, lofiira, litapendeka kale kumadzulo. A Mbarek analiyang'ana, kenako anayang'ana Haddu. Anamumasula msangamsanga n'kutsitsa chingwe.

Anadikira kuti chigwedezeke. Sichinagwedezeke. Pansi pankangomveka mkokomo wa madzi. A Mbarek anaitana dzina la a Lahsen, mwana wa nkhalambayo anaitana, Haddu anaitana mpaka mawu anasasa. Atakweza chingwe, chinabwera chopepuka, chikuchucha matope.

"Ndinakufunsa," anatero a Mbarek.

Haddu anasolola kansupa kopanda kanthu n'kukaika pamchenga. Nkhalambayo inakayang'ana. Mwana wawo ananyamuka nkhonya itakungwa, koma iwo anamuletsa.

"Msiye. Kumenya kumatha, izi sizidzamuthera. Mwanawe, ine ndinkaona ndi maso awiri kale. Lina ndinalisiya m'chitsime tsiku limene ndinkafulumira. Ndinkayesa kuti ndalipirira mudzi wonse, kuti ana adzangoyang'ana nkhope yanga n'kuphunzira. Koma aliyense amafuna kulipira yekha. Tiyeni, madzi amenewa akutsikira kumudzi. Ngati awatenga a Lahsen, awadutsitsa pansi pa zitsime zakumunsi."

Anatsika ndi mzere wa zitsime, akugwada pachilichonse, kuitana, kumvetsera. Chilichonse chinkawayankha ndi mkokomo womwewo. Dzuwa linapitiriza kutsika.

Ali pakati pochita zimenezi anaona munthu akuthamanga kuchokera kumudzi, nsalu ikuuluka m'mbuyo. Anali Itto. Anafika akupuma wefuwefu, nkhope ili mwee.

Anati madzi afika. Afika ofiira, ambiri, mpaka asefukira m'njira. Amayi onse akuimba nthungululu, ana akusambira m'matope. Afika mpaka kumunda kwawo, pamtengo wa atate. Sidi Mulud wanena pamaso pa anthu kuti mawa a Lahsen akhala kutsogolo pachikondwerero, ndipo Bassu wangoti kakasi. Amayi apha tambala, akuphikira mlongo wawo, ndipo amutuma kuti awafulumize chakudya chisanazizire.

Analeka kulankhula ataona kuti palibe amene akumwetulira. Anayang'ana a Mbarek, anayang'ana mwana wawo, anayang'ana Haddu amene zovala zake zinali matope okhaokha.

"Amalume ali kuti?"

Mphepo inali italeka, ndipo m'chipululu monse munali zii. Mu bata limenelo Itto anapendeketsa mutu n'kufunsa kuti chikugogodacho n'chiyani.

Onse anagwira mpweya. Kunali kugogoda ndithu, mwala pa mwala, kochokera pansi pa nthaka. Anakutsatira mpaka pa chitsime china chakale chimene anthu anasiya kutsikirapo chifukwa m'mbali mwake munafufuma, pakamwa n'kutsala kampata kochepa.

A Mbarek anagona chafufumimba n'kuitana. Mawu sanabwere, koma kugogoda kunayankha.

Mwana wawo anathamanga kukatenga chingwe ndi nyale ina pabulu. Anaiyatsa, n'kuitsitsa kaye yokha kuti aone mpweya. Onse anasuzumira. Lawi linatsika likuwala, kenako linafupika, linafiira, ndipo lisanafike n'komwe pakati linazima.

Mwana wa a Mbarek anayesabe kulowetsa miyendo pakampatapo. Chifuwa chake chinakana. Anayesa chammbali, dothi linayamba kugumukira m'kati, ndipo atate ake anamukoka. Anati kukulitsa pakamwapo kungakwirire munthu amene ali pansi. Kuitana anthu kumudzi sikuthandiza, palibe mwamuna wamkulu amene angakwane pamenepo.

Atanena zimenezi, diso lawo linagwera pa Haddu, amene thupi lake linali lochepa, ndipo analibweza msanga.

"Ayi," anatero, ngakhale panalibe amene anawafunsa. "Tuda sangalire anthu awiri tsiku limodzi. Mpweya umenewo sudzuka mpaka kunja kuzizire. Tidikira."

Itto anagwira malaya a mchimwene wake ndi manja onse awiri. Koma nsonga ya chingwe inali kale m'manja mwa Haddu.

Pansi pa nthaka kugogoda kunamvekanso. Ulendo uno kunachedwa kubwera, ndipo kunali kofooka.